Mtundu wa Sogd ndi m'mene unagonjera: zomwe ndakhala ndikuwerenga miyezi itatu iyi

Ndakhala chete kwa kanthawi ndithu abale, chifukwa chake ndi mtundu wina wa anthu omwe sindinawamvepo ngakhale kamodzi kusekondale konse, ma Sogdian. Ndinakumana nawo mwangozi, ndimakonzekera kulemba asayimenti ya malonda akale a pakati pa China ndi maiko a kuzambwe, nde dzinali limangotulukira paliponse, ukawerenga za silika alipo, za mapepala alipo, za chipembedzo cha Buddha kulowa mu China aliponso. Asayimenti ija ndinapereka kalekale koma anthuwa sanandichoke m'mutu, usiku uliwonse ndikaweruka ndimakhala ndi kope langa ndi foni mpaka bandulo kutha.

Chomwe chinandikola koyamba si nkhondo ayi, ndi kalata ya mayi wina dzina lake Miwnay. Mu 1907 wofufuza zakale wina dzina lake Aurel Stein anapeza thumba la makalata mu nsanja yakale ya alonda kuzambwe kwa Dunhuang, mzinda wa ku China, makalata olembedwa cha m'ma 313 omwe sanafike konse kwa eni ake. Awiri mwa makalatawo ndi a Miwnay, ina kwa mayi ake Chatis ina kwa mwamuna wake Nanai-dhat yemwe anamusiya ku Dunhuang ndi mwana wawo wamkazi Shayn opanda ndalama, zaka zitatu zathunthu akudikira. Akudandaula kuti abale ake anamuletsa kubwera ku Dunhuang koma iye anamvera mwamuna, wayenda kupempha thandizo kwa akuluakulu a mtundu wawo mtauniyo aliyense akungomukankhira kwa mnzake, ndipo kumapeto akumuuza mwamunayo kuti bola akanakhala mkazi wa galu kapena wa nkhumba kusiyana ndi kukhala wake. Nditawerenga pamenepo ndinayika foni pansi kaye. Mayi ameneyu ali makilomita oposa 2,000 kuchokera ku Samarkand, akulemba m'chinenero chakwawo, kalata yake nkukathera mu nsanja ya mchipululu zaka pafupifupi 1,600. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuwawerenga ngati dzina la pa mayeso.

Kwawo kunali kuti? Pakati pa mitsinje iwiri ikuluikulu, Amu Darya ndi Syr Darya, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Zarafshan, komwe lero ndi Uzbekistan ndi Tajikistan. Mizinda yawo inali Samarkand, Bukhara, Panjikent, Kesh ndi ina, ulimi wake wa mthirira wa ngalande chifukwa mvula ndi yochepa, ndipo chinenero chawo chinali cha m'banja la zinenero za Iran. Chinthu chimodzi chomwe ndinachedwa kuchigwira nchoti anthuwa sanakhalepo ndi ufumu umodzi waukulu, mzinda uliwonse unali ndi mfumu yakeyake komanso eni minda olemera ndi amalonda omwe amatha kuyichotsa mfumuyo ikawanyansa. Sabata yoyamba ndimasakasaka mndandanda wa mafumu a Sogdiana yonse kuti ndiloweze, kunalibe. Nditajambula mapu anga pa kope, mitsinje iwiri, mapiri kum'mawa, timadontho ta mizinda motsata Zarafshan, mpamene zinayamba kulowa bwino.

Kugonjetsedwa kwawo sikunali kamodzi. Aperisiya anayamba, dzina lawo lilipo pa thanthwe la Behistun ku Iran pa mndandanda wa maiko a Darius mfumu ya Perisiya, ndipo Darius yemweyo analemba kuti miyala yokongola ya buluu ndi yofiira ya nyumba yake yachifumu ku Susa inachokera ku Sogdiana. Kenako Alexander wa ku Macedonia anaoloka Amu Darya mu 329 BC, apa nde ndinadabwa, chifukwa munthu yemwe anagwetsa ufumu wonse wa Perisiya pa nkhondo zikuluzikulu zitatu anatha zaka pafupifupi ziwiri akuvutika ndi kadera aka. Yemwe anamusowetsa mtendere ndi Spitamenes, mtsogoleri wina wa kumeneko, samamenya nkhondo yoyang'anizana pabwalo, amabwera ndi apakavalo kumenya nkuthawira kuchipululu, ndipo pa mtsinje wa Zarafshan omwe Agiriki amautcha Polytimetus anapha gulu la asilikali a Alexander pafupifupi 2,000. Alexander anabwezera pa anthu wamba, kuotcha midzi ya m'chigwamo ndi kupha omwe anawapeza. Spitamenes sanagwidwe pankhondo, anzake omwe amamuthandiza ndi omwe anamudula mutu mu 328 BC nkuutumiza kwa Alexander kuti awasiye.

Nkhani yomwe aliyense amakonda ndi ya linga lina la pa thanthwe lalitali, eni ake anamuseka Alexander kuti akasake asilikali a mapiko, iye nkusankha anthu 300 odziwa kukwera, anakwera usiku ndi zikhomo za matenti ndi zingwe, pafupifupi 30 anagwa nkufa koma m'mawa otsalawo anali pamwamba pa mitu ya eni linga, basi anagonja. Roxana mwana wa Oxyartes, mkulu wina yemwe banja lake akuti linabisala m'lingalo, anakwatiwa ndi Alexander mu 327 BC. Koma ine chomwe ndinadula mzere kunsi kwake nchakuti mwana wamkazi wa Spitamenes, Apama, anakwatiwa ndi Seleucus, mmodzi wa akazembe ankhondo a Alexander, ku Susa mu 324 BC ndipo mwana wawo Antiochus anadzakhala mfumu, ndiye kuti mafumu a banja la Seleucus anali ndi magazi a munthu yemwe anavutitsa Alexander kuposa wina aliyense kumeneko. Ndipo chachikulu, Agiriki anabwera napita, ma Sogdian anatsala ali ma Sogdian, chinenero chilipo, milungu ilipo. Izi nzomwe zinandipatsa funso lomwe ndakhala nalo miyezi yonseyi, bwanji kugonja kwina mtundu umadzukanso pomwe kwina umazimirira.

Zaka za pakatipo ndi zomwe anatchuka nazo. Kuyambira zaka za m'ma 300 mpaka 700 amalonda awo anali paliponse pa njira ya ku China, ali ndi midzi yawoyawo m'mizinda ya eni, ndi atsogoleri awo ndi akachisi awo. Mabuku a mbiri a Matchaina analemba kuti mwana akabadwa ku Samarkand amamuika uchi mkamwa ndi ulimbo m'manja kuti akakula azilankhula zotsekemera ndipo ndalama zizimata m'dzanja. Mu 568 Msogdian wina dzina lake Maniakh anatsogolera akazembe a ma Turk mpaka ku Constantinople kukakambirana zogulitsa silika mosadzera kwa Aperisiya, popeza mfumu ya Perisiya inali itagula silika wawo nkumuotcha iwo akuona. Zilembo zawo zinachokera ku Chiaramu, ma Uyghur nkuzitenga, ma Mongol nkutenga kwa ma Uyghur, ma Manchu nkutenga kwa ma Mongol. Ku Samarkand yakale yomwe imatchedwa Afrasiab, mu 1965 akulambula msewu anapeza chipinda chokhala ndi zithunzi za pakhoma za nthawi ya mfumu Varkhuman, akazembe ochokera kutali ali pamzere, ena ndi nthenga kumutu omwe akatswiri amati ndi a ku Korea. Ku Panjikent nako nyumba za anthu wamba olemera zinali ndi zithunzi pakhoma, ngwazi Rustam ali pa hatchi, tsekwe woikira mazira a golide, ngakhale kalulu akupusitsa mkango kuti udumphire m'chitsime, ndinamwetulira ndekha nditaona kalulu ali ndi khalidwe lomwelija la m'nthano za agogo.

Tsopano kugonja kwachiwiri komwe ndakhalitsapo. Aluya anali atalanda kale Perisiya ndi Khurasan, chigawo cha tsidya lina la Amu Darya, ndipo kwa zaka zambiri amangooloka Amu Darya kudzatenga chuma nkubwerera ku Merv, likulu lawo ku Khurasan. Zinasintha ndi Qutayba ibn Muslim yemwe anakhala bwanamkubwa wa Khurasan mu 705. Paykand mzinda wa amalonda unagwa mu 706, Bukhara mu 709, Samarkand mu 712. Ukaona zaka zokhazi umaganiza kuti zinali zophweka, mzinda uno mawa uja, koma ukalowa mkati umaona kuti amagwiritsa ntchito kusagwirizana kwa mizinda ija, pozinga Samarkand anali ndi asilikali a ku Bukhara ndi Khwarazm kumbali yake. Mfumu Tarkhun ya Samarkand inavomera kupereka msonkho, anthu ake anakwiya nkuichotsa, inadzipha, nkulowa Ghurak, Ghurak nayenso anakakamizika kugonja. Olemba mbiri Achiluya eni ake akuti Qutayba analowa mumzindawo ponena kuti akufuna kungopemphera ndi kudya nkutuluka, atalowa sanatulukenso, anaotcha mafano a m'kachisi, nkusiya lamulo loti munthu wosakhala Msilamu akamalowa pachipata azimumata chidindo cha dothi padzanja, dothilo likauma asanatuluke aphedwe. Mwini mzinda kumalowa mumzinda wa makolo ake akuyang'ana dothi padzanja ngati lauma. Nkhondo zonse zija sizinandipweteke ngati kachiganizo kameneka.

Ku Bukhara njira inali ina. Narshakhi yemwe analemba mbiri ya mzindawo cha m'ma 943 akuti anthu amalowa Chisilamu asilikali akakhalapo, akachoka nkubwerera ku zakale, katatu konse, nde Qutayba analamula kuti aliyense apereke theka la nyumba yake kwa Aluya kuti azikhala nawo limodzi ndi kuona zomwe akuchita, anamanga mzikiti mkati mwa linga pomwe panali kachisi, nkulengeza kuti aliyense wobwera ku swala ya Lachisanu alandira madirham awiri, ndalama za siliva. Osauka amapita, olemera amakhala m'nyumba zawo kunja kwa mzinda ena mpaka kugenda ndi miyala kuchokera padenga. Apa mpamene ndinayamba kuona kusiyana ndi nthawi ya Alexander. Uyu sanangofuna linga ndi msonkho, analowa mpaka pakhomo, mpaka tsiku la sabata, mpaka m'thumba la munthu wosauka. Qutayba mwini anaphedwa ndi asilikali ake omwe ku Ferghana mu 715 ataukira Sulayman, khalifa watsopano, kutanthauza wolamulira ufumu wonse wa Asilamu, koma zomwe anayala zinatsala.

Ndisanapitirire ndinene, chifukwa ndili ndi anzanga Achisilamu omwe amawerenga zolemba zangazi ndipo ndinakambirana ndi mmodzi mpaka usiku, iyi si nkhani yoti chipembedzo ichi nchoipa icho nchabwino. Zambiri za nkhanza zomwe tikudziwa analemba ndi Asilamu okhaokha, osabisa. Ndipo mkangano waukulu wa zaka zotsatira unali wa msonkho. Osakhala Asilamu amakhoma jizya, munthu akalowa Chisilamu amayenera kuleka, khalifa Umar wachiwiri analamula chomwecho momveka bwino. Koma anthu akalowa ambiri ndalama za boma zimatsika, nde abwanamkubwa amayamba kuika zovuta, uonetse kuti unadulidwa, unene sura pamtima, mpaka kungobwezeretsa msonkhowo pa onse. Mu 728 zinachitika ndendende chonchi, Abu al-Sayda anapita ku Samarkand kukalalikira atalonjezedwa kuti otembenuka sakhoma, anthu anadzaza mizikiti, boma linabweza mawu, ndipo iye ndi Aluya ena anaima kumbali ya ma Sogdian otembenukawo. Dera lonse linaukira. Yemwe anaphunzirapo za msonkho wa nyumba wa atsamunda kwathu kuno sangavutike kumva m'mene msonkho umasandukira chikwapu, ngakhale nkhani zake nzosiyana.

Munthu yemwe ndamutsata kwambiri ndi Dewashtich, wolamulira Panjikent yemwe kwa kanthawi amadzitcha mfumu ya Sogd ndi mwini Samarkand. Timamudziwa bwino chifukwa mu 1932 mbusa wina akudyetsa ziweto pa phiri la Mugh ku Tajikistan anatola kapepala kolembedwa zilembo zachilendo, chaka chotsatira akatswiri anapita nkufukula zolemba pafupifupi 80, zina pa pepala zina pa chikopa zina pa timitengo, pano zimasungidwa ku St Petersburg. Ndi mafayilo a mfumu yothawa. Muli kalata ya Chiluya yomwe Dewashtich analembera bwanamkubwa al-Jarrah modzichepetsa kwambiri ngati munthu wake, mulinso lipoti la kazembe wake Fatufarn yemwe anamutuma ku Chach, komwe lero ndi Tashkent, kukasaka thandizo la ma Turk ndi mfumu ya Ferghana. Ndiye kuti dzanja ili akugwira Aluya dzanja linalo akukodola adani awo. Poyamba ndinamuweruza kuti ndi wa nkhope ziwiri, koma nditawerenganso kachiwiri ndinaona munthu wa mzinda waung'ono atapanikizika pakati pa njovu, akuyesa khomo lililonse. Ghurak nayenso amachita zomwezo, cha m'ma 719 analembera mfumu ya Tang ku China kuti takhala tikumenyana ndi Aluya zaka 35 tumizani asilikali, asilikaliwo sanabwere.

Mu 722 bwanamkubwa Sa'id al-Harashi anabwera ndi ukali. Gulu lina la ma Sogdian linathawira ku Khujand podalira malonjezo a mfumu ya Ferghana, linaperekedwa, ambiri anaphedwa atagonja kale. Dewashtich ndi anthu ake anakwera ku kalinga kakang'ono ka pa Mugh, anazingidwa, anagonja atalonjezedwa chitetezo, patapita kanthawi al-Harashi anamupachika, mutu nkuutumiza ku Iraq. Panjikent inaotchedwa mbali ina kuphatikizapo nyumba yachifumu.

Koma mwa zolemba zonse za pa Mugh chomwe ndinakopera pamanja mu kope langa ndi chikalata cha ukwati cha mu 710, cha pa chikopa, pakati pa mwamuna Uttegin ndi mkazi Chat. Mwamunayo akulonjeza kumusunga ndi chakudya, zovala ndi ulemu, kuti sadzamugulitsa kapena kumupereka chikole, kuti akatenga mkazi wina Chat osakondwa alipira madirham 30 ndipo mkazi winayo achoke, komanso Chat ali ndi ufulu wothetsa banja iye mwini. Chaka chimenecho Bukhara inali itagwa kale, Samarkand yatsala zaka ziwiri, anthu akumangabe mabanja ndi mboni ndi malamulo awo. Ndipo wina pothawa mu 722 anaona kuti chikalata chimenechi nchofunika kunyamula kukwera nacho phiri. Ndimaganiza za Miwnay ndikamachiwerenga, zaka 400 pakati pawo, chinenero chomwecho.

Nkhondo sizinathere pa Mugh. Ma Türgesh, mtundu wina wa ma Turk, motsogozedwa ndi Suluk anathandiza ma Sogdian ndipo kwa zaka zoposa khumi Aluya anataya pafupifupi dera lonse, mpaka Suluk anagonja mu 737 nkuphedwa ndi anzake. Yemwe anakhazikitsa bata ndi bwanamkubwa Nasr ibn Sayyar kuyambira 738, ndipo anatero pokonza msonkho uja kuti Asilamu asamakhome jizya ndi kulola othawa kubwerera kwawo, anthu anabwereradi ku Panjikent nkukonzanso nyumba. Mu 751 Aluya anagonjetsa asilikali a Tang pa mtsinje wa Talas, mu 755 An Lushan, kazembe wankhondo wa Tang yemwe bambo ake anali Msogdian, anaukira mfumu ya China, nkhondo yake inapha anthu osawerengeka ndipo pambuyo pake ma Sogdian a ku China anayamba kubisa mtundu wawo. Msika wa kum'mawa unavuta, kumudzi nako zasintha. Pofika zaka za m'ma 770 ndi 780 Panjikent yakale inasiyidwa, anthu anatsikira kuchigwa.

Chomwe chinandizunguza mutu kwambiri, ndipo ndinachita kubwereza katatu kuti ndisalakwitse, nchoti chinenero chomwe chinameza Chisogdian si Chiluya ayi koma Chiperisiya. Asilikali ndi amalonda ambiri omwe anabwera ndi ulamuliro watsopano anali Aperisiya olowa Chisilamu, nde Chiperisiya chinakhala cha mumsika, cha mu ofesi, cha munthu wofuna kukwera, ndipo pofika nthawi ya mafumu a Samanid ku Bukhara chinali chinenero cha ndakatulo ndi nyumba yachifumu, Chisogdian chatsalira kumidzi. Palibe tsiku lomwe wina analengeza kuti lero mtundu wa Sogd watha. Makolo amangoona kuti mwana apita patali ndi chinenero chinacho. Ndipo zidzukulu zawo sizinagone, Bukhara yomweyo inatulutsa Imam al-Bukhari wobadwa mu 810 yemwe Asilamu padziko lonse amawerenga hadith, nkhani za zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, zomwe anasonkhanitsa, ndi Ibn Sina katswiri wa zamankhwala yemwe anakulira komweko. Nde ndikafunsidwa ngati anthuwa anatha kapena ayi ndimayankha kuti anthu sanathe, chomwe chinatha ndi dzina, milungu ndi zilembo, ndipo zimandiwawabe ngakhale ndikudziwa zabwino zomwe zinadza pambuyo.

Pa kaphunziridwe kanga ndasintha chinthu chimodzi. Kale ndimalemba zaka kumanzere chochitika kumanja basi, pano tsamba lililonse ndaligawa patatu, chaka, chochitika, ndi yemwe akutiuza. Za Spitamenes akutiuza ndi Agiriki ndi Aroma, za Qutayba akutiuza ndi Aluya ndi Aperisiya, za uchi ndi ulimbo akutiuza ndi Matchaina, ndipo malo omwe ma Sogdian akuyankhula okha ndi ochepa zedi, thumba la makalata losochera, mafayilo a mfumu yothawa, makoma a nyumba zogumuka. Ku Panjikent kufukula kunayamba mu 1946 ndipo kukupitirirabe, katswiri wofukula zakale Boris Marshak anagwirako ntchito zaka zoposa 50, anamwalira komweko mu 2006 nkuikidwa pafupi ndi mabwinjawo.

Sabata ino ndili pa chigwa cha Yaghnob, m'mapiri a Tajikistan omwewo, komwe kuli anthu masauzande owerengeka olankhula Chiyaghnobi, chinenero chomwe chinachokera ku kalankhulidwe kena ka Chisogdian. Mu 1970 boma la Soviet linawasamutsa mokakamiza, ena pa helikopita, kupita nawo ku Zafarabad kuchigwa chotentha kukalima thonje, ambiri makamaka ana anamwalira ndi kutentha ndi madzi oipa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mabanja ena anayamba kubwerera kumapiri kukamanganso pa mabwinja a makolo awo. Mu 2000 chigawo chonse chakumpoto kwa Tajikistan chomwe kale chimatchedwa Leninabad chinapatsidwa dzina la Sughd. Ndapeza makanema angapo a azimayi achikulire a ku Yaghnob akucheza pakhomo m'chinenero chawo, ndikumawamvetsera ndi mahedifoni usiku ana akagona, mawa ndiyamba kulemba mawu awo owerengera manambala pambali pa a Chisogdian mu kope lija.